Mchira wa nyenyezi ndi nyali za usipa

M'kope langa muli tsamba limene ndinalembapo nambala n'kuifufuta kawiri, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Pamwamba pali deti la 16 Okutobala 2024, ndipo m'mbali ndinalemba kuti Malindi, pamchenga, mwezi uli ngwee. Nambalayo inali ya kuwala kwa nyenyezi ya mchira imene akatswiri anaitcha C/2023 A3, kapena Tsuchinshan–ATLAS. Dzinali ndi lolemera m'kamwa chifukwa ndi la malo awiri: malo oonera zakuthambo a Tsuchinshan, kapena kuti Purple Mountain, ku China, amene anaijambula mu Januwale 2023, ndi telesikopu ya ATLAS ya ku Sutherland ku South Africa, imene inaipezanso payokha mu Febuluwale. Ife kuno tinkangoti "ija ya mchira".

Ndine mphunzitsi, ndipo zoyang'ana kumwambazi ndi zamadzulo chabe, monga ena amachitira ndi bawo. Chida changa ndi bainokyula ya 10x50 imene ndinaitola pa kaunjika, itabisala mumulu wa zikwama za ana asukulu. 10 akutanthauza kuti chinthu chimakula ka 10, ndipo 50 ndi kukula kwa magalasi akutsogolo, mamilimita 50. Telesikopu ndilibe. Pa nyenyezi ya mchira yowala sindiisirira n'komwe, poti imangoonetsa kachigawo kakang'ono ka thambo, mchira wonse n'kutsala kunja ngati mbuzi yolowetsa mutu m'nkhokwe.

Ndinayamba kuisaka kumapeto kwa Sepitembala, ikadali ya m'bandakucha. Inadutsa pafupi kwambiri ndi dzuwa pa 27 Sepitembala, ndipo masiku amenewo inkatulukira kum'mawa kunja kusanayere. Kwathu cha ku Namiyasi kum'mawa ndi kunyanja, ndiye ndinkati zikhala zophweka. Ayi ndithu. Mchenga umene ndinkaimapo zaka zonse unali utadyedwa, chifukwa chaka chimenecho nyanja inasefukira mpaka kulowa m'mipanda ya anthu ndi m'malo ogona alendo. Mapiri a tsidya lija nawonso amaba thambo la m'munsi. Koma mdani weniweni ndi utsi. Sepitembala ndi Okutobala ndi nyengo ya lupsa, tchire likupsa uku ndi uku, ndipo m'munsi mwa thambo mumakhala motuwa ngati phulusa la m'mbaula. Masiku awiri ndinabwerera chimanjamanja, udzudzu utandidya ulere. Pa 30, mwazini atangomaliza kuitana ku mzikiti, kamwezi kowonda ngati chikhadabo chowengedwa kali poteropo, ndinaona kanthu koti mbuu pamwamba pa phiri, kali ndi kautsi kowongoka koloza m'mwamba. Mphindi 20 sizinakwane, kuyera kwa kunja n'kukameza.

Chinthuchi timachitcha nyenyezi koma si nyenyezi. Ndi chibuma cha madzi oundana osakanikirana ndi fumbi, choyenda mozungulira dzuwa. Chikaliyandikira chimatenthedwa n'kuyamba kufuka, ndipo chifunga chimene chimachikuta ndicho timachiona ngati mutu. Chibumacho palibe amachiona ndi bainokyula. Michira imakhala iwiri. Wa fumbi umakankhidwa ndi kuwala kwa dzuwa, umakhota pang'ono, ndipo umaoneka chifukwa fumbilo likubweza kuwala kwa dzuwa komweko. Wa mpweya umaulutsidwa ndi mphepo ya tinthu ting'onoting'ono yochokera ku dzuwa, umawongoka kuti njo, ndi wabuluu, ndipo maso sauona msanga. Yonse iwiri imaloza kothawa dzuwa, moti nyenyeziyo ikamabwerera kumene inachokera imayenda mchira uli patsogolo.

Itadutsa chapakati pa ife ndi dzuwa inasanduka ya madzulo. Pa 12 Okutobala ndi pamene inatiyandikira kwambiri, pamtunda wa makilomita pafupifupi 71 miliyoni. Kwathu kumadzulo kuli mitengo ya mango, mapiri ndi magalimoto a pamsewu wa ku Monkey Bay, choncho pa Tsiku la Anakubala, pa 15, mayi a kunyumba atati tikaone makolo ku Malindi, sindinawiringule ngati kale. Tinaoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa kabaza wa njinga yamoto, bainokyula ili m'jumbo limodzi ndi shuga ndi chitenje cha apongozi. Ku Malindi ukaima pagombe kumadzulo ndi madzi okhaokha, mapiri ali kutali, otsika.

Kumeneko kuli amalume awo a mayi a kunyumba, siginala wa chilimira. Kwa osadziwa za kunyanja, siginala ndi amene amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali, kuitana usipa kuti usonkhane, n'kuuza alovi nthawi yoponya ukonde. Mwezi ukamawala usipa sulabadira nyali, ndiye masiku amenewo asodzi amakhala kumtunda, akusoka maukonde ndi kumata maboti. Apa ndi pamene pali tsoka la munthu woonera nyenyezi ku Mangochi. Nyanja imakhala yamdima pamene mwezi ukuwala, ndipo mwezi ukachoka nyanja yonse imasanduka tauni. Kale zinali nyali za palafini zopopa zija, kuwala kwake kofiirira. Lero ndi mababu a batire oyera kuti mbee, olasa m'maso ngakhale ali kutali.

Mwezi unali wathunthu pa 17, ndiye pa 15 ndi pa 16 amalume anali pagombe, alibe kopita. Tsiku loyambalo ndinangoonera kukamwa kuli yasa, osalemba kanthu kolongosoka. Mawa lake nditaweruka kusukulu ndinabwereranso ndi kope.

Kuwala kwa nyenyezi kumayesedwa ndi muyeso wotchedwa magnitude, ndipo muyesowu umayenda chammbuyo. Ophunzira anga ndimawauza kuti zili ngati manambala a kumapeto kwa teremu: wa nambala 1 ndiye wakhoza, wa nambala 6 ali kumchira. Agiriki akale ndiwo anayamba kugawa nyenyezi m'magulu 6 otere, ndipo mu 1856 Norman Pogson anaukhwimitsa muyesowo: kusiyana kwa masitepe 5 ndi kuwala ka 100, ndiye sitepe imodzi ndi pafupifupi ka 2.5. Zowala mopitirira zimagwera kunsi kwa ziro. Sirius ili pa -1.5, ndipo Venus, imene ikamatuluka m'mawa timaitcha nthanda, imakhala cha pa -4. Madzulo amenewo Venus inali kumanzere kwa ya mchira ija, ikuwala ngati babu la siginala. Maso abwino pamdima weniweni amalekezera cha pa 6.

Vuto ndi loti nyenyezi wamba ndi kadontho, pamene mutu wa ya mchira ndi kachifunga. Diso likayerekeza kadontho ndi kachifunga limanamizidwa, limati kadonthoko ndiko kowala. Ndiye oonera anapeza njira zingapo, zonse zodalira kagudumu kapakati pa bainokyula. Pa njira ya Sidgwick umayang'anitsitsa mutuwo uli bwinobwino, n'kuusunga m'maso, kenako umapotoza kagudumu mpaka nyenyezi zoyerekezera zitafufuma ngati mandasi kufika pa kukula kwa mutu uja, n'kuona kuti ukufanana ndi iti. Pa ya Bobrovnikoff umafufumitsa zonse pamodzi, ya mchira ndi zinzake, mpaka zitaoneka zofanana kukula. Ya Morris ili pakati: mutuwo umaufufumitsa pang'ono chabe kuti kuwala kwake kusalale, kenako nyenyezi zina n'kuzifikitsa pa saizi imeneyo. Mutu ukakhala waung'ono ndi wothina, ngati wa tsiku limenelo, ya Bobrovnikoff ndiyo yosavuta.

Ndinasankha nyenyezi ziwiri za m'gulu la Serpens zimene zinali pafupi: Unukalhai, ya 2.6, ndi Mu Serpentis, ya 3.5. Antares inali chapafupi ndithu koma ndi yofiira, ndipo zofiira zimapusitsa diso. Chinanso n'choti zoyerekezera ziyenera kukhala pamsinkhu wofanana ndi ya mchirayo, chifukwa m'munsi mwa thambo kuwala kumadutsa mumpweya wochindikala n'kuchepa, makamaka ndi utsi wathu uja.

Nambala yoyamba ndinalemba 2.0. Sindinaitenge kumwamba. Masana ndinali nditaona pa intaneti zimene ena analemba masiku apitawo, ndiye dzanja linangolemba zimene mutu unkayembekeza. Nditabwereza ndinapeza 2.4, koma apa ndinali nditapotoza kagudumu mopitirira, moti chiyambi cha mchira chinalowerera m'mutu n'kuwonjezera kuwala. Amalume anali chikhalire pa bwato lovundikira, akundiyang'ana ndikufufuta.

"Aphunzitsi, mukuichonga mayeso kodi?"

"Ndikufuna ndidziwe kuti ikuwala bwanji, amalume."

"Ikuwala ndithu. Ifetu tikuiona."

Kachitatu ndinachita modekha. Mutu unali wochepera Unukalhai, wopambana Mu Serpentis, ndipo unali pafupifupi pakati pa ziwirizo, kupendekera pang'ono ku yowalayo. Ndinalemba 3.0. Pambali ndinalemba 7, ya kuthina kwa mutu, pa muyeso woyambira 0, chifunga chosalala chopanda pakati, kufika 9, kadontho ngati nyenyezi wamba.

Kenako amalume anafunsa funso limene lakhala likundivutitsa mpaka lero. Anati nanga mchirawo mwaupatsa zingati, popeza chimene chatisonkhanitsa pano ndi mchira, osati mutu.

Yankho loona ndi loti mchira supatsidwa nambala yotere. Nambala imene oonera amalemba ndi ya mutu wokha. Za mchira amalemba kutalika kwake m'madigiri ndi kumene waloza, kuwerenga kuchokera kumpoto kudzera kum'mawa. Kuwala kwake kulibe pogwira: pafupi ndi mutu ndi kowala, kumanka kuzilala pang'onopang'ono, ndipo palibe pamene pali mpanda woti apa ndiye pathera. Amene ali ndi makamera abwino amayesa kuwala kwa kachigawo kalikonse ka mchira pa kompyuta. Ife a maso timangoti ndauona kufika apa, ndipo "apa" ameneyo amasuntha malinga ndi mwezi, utsi, nyali ndi diso la munthu.

Madigiri ndimayesa ndi dzanja. Ukatambasula mkono, chibakera chimaphimba pafupifupi madigiri 10, kachala kakang'ono digiri imodzi, ndipo mwezi wathunthu ndi theka la digiri, ngakhale anthu sakhulupirira mpaka atauphimba ndi chala. Muyesowu umagwira kwa wamkulu ndi mwana yemwe, chifukwa wa chibakera chachikulu amakhalanso ndi mkono wautali. Tsiku limenelo, mwezi uli ngwee kumsana kwathu, mchira unali theka la chibakera.

Panali mnyamata wina wa m'banjamo amene anajambula ndi foni dzulo lake. Pa chithunzi chake mchira unali wautali kuposa umene tinaona, ndipo kutsogolo kwa mutu kunali kamzere kena kowonda koloza kudzuwa. Kamzere kameneko ndi kenikeni. Cha pa 14 Okutobala dziko lathu linadutsa m'bwalo lomwelo limene nyenyeziyo imayendamo, ndiye fumbi lokulirapo limene inasiya m'njira tinkaliona cham'mbali, ngati lichero loyang'anidwa m'mphepete, n'kuoneka ngati mchira wachiwiri wakutsogolo. Cholembera chinandiyabwa kuti ndilembe kuti ndinakaona. Sindinakaone. Foni imasonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo, diso silitero. Ndinalemba kuti "pa foni ya mphwathu", n'kutseka mzere. Ndipo foni yomweyo ndinachita kuipempha kuti ilowe m'thumba, chifukwa diso limafuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, koma kuwala kwa foni kamodzi kokha kumakubwezera poyambira. Tochi yanga ndinaikulunga ndi kapepala kofiira ka switi, poti kuwala kofiira sikuwononga kwambiri.

Loweruka pa 19 mwezi unachedwa kutuluka, ndipo ndinkati lero ndiye lero. Koma maboti ena anali atayamba kale kulowa m'madzi kuti agwiritse ntchito maola a mdimawo, ndipo mzere wa mababu unali pansi penipeni pa nyenyeziyo. Mchira sunakwane chibakera. Ndinadandaula mokweza, mwina mopanda ulemu, ngati kuti usipa umene ndinadyera nsima masana unagwa kumwamba. Amalume sanandiyankhe za ulemuzo. Anangoti, "Mawa mubwere msanga. Tikakwere."

Lamlungu tinanyamuka dzuwa likulowa, bwato la amalume likukokedwa kumbuyo kwa boti la injini. Titafika pamalo awo, kutali ndi maboti ena, anauza anyamata kuti azimitse injini ndipo asayatse kanthu. Wina anang'ung'udza kuti mwezi utuluka cha m'ma 9 koloko, nthawi ikutha. Amalume anati usipa suthawa, mlendo aone kaye chimene wadzera.

Bainokyula inakhala yopanda ntchito. Boti likamayendayenda pa mafunde nyenyezi zimavina, sungagwire ngakhale imodzi, ndiye nambala ya mutu tsiku limenelo ndilibe. Ndi maso mutu unali utazilala ndithu poyerekeza ndi Lachitatu lija. Koma mchira! Unatuluka ngati wina waukoka. Mlalang'amba unali uli mbuu chapamwamba pake, cha ku gulu la nyenyezi la Sagittarius, ndipo mchirawo unakwera molunjika chibakera chimodzi ndi theka.

"Chimodzi ndi theka, amalume."

"Ziwiri, aphunzitsi."

"Pamene mukunenapo ine ndikuona mdima."

"Mukuuyang'ana kwambiri. Taphimbani mutuwo."

Anandipatsa nkhafi kuti ndiimike kutsogolo kwa nkhope, ibise mutu ndi chiyambi chowala cha mchira. Anati ndi mmene amachitira akafuna kuona nyali ya mnzawo wakutali pamene pafupi pali ina yowala. Kenako anati ndiyang'ane pambali pang'ono, osati pamalo penipenipo. Izi zinandiseketsa chamumtima, chifukwa n'zimene mabuku a zakuthambo amaphunzitsa: m'mbali mwa diso ndi mmene muli timinyewa tomva kuwala kofooka, pakati ndi pa masana. Iwo sanawerenge buku lililonse la zimenezi. Akhala zaka zambiri akuwerenga madzi usiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nditadekha ndinaona kambuu kena kopitirira pamene ndinalekezera, kakubwera n'kuchoka, moti sindikanalumbira kuti kalipo. M'kope, titabwerera kumtunda, ndinalemba madigiri 15 otsimikiza, ndi 20 a amalume. Sindinaphatikize n'kugawa pawiri. Ndi maso awiri osiyana, ndipo aliyense ali ndi mzere wake.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi kanjira kangakanga kolembera kuwala kwa mchira, kosavomerezedwa ndi bungwe lililonse. Ndimaugawa patatu. Gawo lowala kuposa Mlalang'amba wa ku Sagittarius ndimalemba kuti ndi lotalika bwanji. Gawo lofanana ndi kamtambo kakang'ono ka Magellan, kamene kamaoneka kumwera ngati kachidutswa kothothoka ku Mlalang'amba, ndimalembanso. Lachitatu ndi lija looneka ndi m'mbali mwa diso mokha. Pansi pake ndimalemba nyenyezi yofooka kwambiri imene ndikuiona ndi maso pafupi ndi pamenepo, mwezi uli pati, ndi nyali zingati zili panyanja. Popanda zimenezi, "madigiri 15" sakutanthauza kanthu. Amene angawerenge kope langa angaganize kuti mchira unakula katatu pakati pa 16 ndi 20, pamene chinasintha kwambiri ndi thambo la ku Malindi.

Palinso zina zosintha maonekedwe zimene si zathu. Fumbi limawala kwambiri ukaliona dzuwa lili kuseri kwake, monga fumbi la lole pamsewu wa dothi madzulo ukayang'ana kumene dzuwa likulowera. N'chifukwa chake nyenyeziyi inawala koposa cha pa 9 Okutobala, ili chapakati pa ife ndi dzuwa, nthawi imene ambirife sitikanatha kuiona. Kutalika nako kumadalira mbali imene tikuonera. Bwato lokulunjika limaoneka lalifupi, lomwelo likapingasa limatalika.

Wina angafunse kuti zonsezi n'zachiyani, popeza kuli makina. Kale anthu wamba ndiwo ankatulukira nyenyezi zimenezi. Yowala kwambiri ya mu 1965 inapezedwa ndi Kaoru Ikeya ndi Tsutomu Seki, oonera wamba a ku Japan, ndipo ya pa Khirisimasi ya 2011 inapezedwa ndi Terry Lovejoy wa ku Australia. Masiku ano zambiri zimayamba kugwidwa ndi makina ngati ATLAS, osesa thambo usiku uliwonse. Koma kuyesa kuwala ndi maso kukadali ndi ntchito, chifukwa zolembedwa za zaka mazana apitawo zinayesedwa ndi maso, ndipo poyerekeza ya lero ndi zakale pamafunika muyeso wofanana. Oonera a m'mayiko osiyanasiyana amatumiza manambala awo ku nkhokwe yotchedwa COBS, yosungidwa ku Črni Vrh ku Slovenia, ndipo akaunjikana amaonetsa mmene nyenyezi ikukwerera ndi kutsikira. Anga sindinayambe kutumiza. Munthu amene analemba 2.0 chifukwa choonera kwa anzake ayambe wadziyesa kaye.

Boma lathu lino la Mangochi lili ndi kachibale kake ndi nkhani zimenezi, ngakhale ambiri sitikudziwa. Ku Chembe kumene alendo amakutcha Cape Maclear, dzinalo anapereka ndi David Livingstone mu 1861, potamanda mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape of Good Hope. Maclear ameneyo anayesa nyenyezi ya Halley pamene inabwera mu 1835 ndi 1836. Ya Halley imabwera pakatha zaka pafupifupi 76. Amalume amaikumbukira ya mu 1986, ndipo amati inali yokhumudwitsa, kambuu chabe, pamene akuluakulu anali atawaopseza kuti nyenyezi yotere imabwera ndi maliro a mfumu kapena njala. Imene amaitama ndi ya mu Januwale 2007, ya McNaught, imene mchira wake unayala ngati chokupizira mphepo. Ya Halley idzabweranso mu 2061. Nditawauza anaseka n'kunena kuti imeneyo ndikaonere ndi zidzukulu, iwo adzakhala atapumula.

Miyezi itatu itadutsa kunabwera ina, C/2024 G3, imene inapsa kwambiri podutsa pafupi ndi dzuwa pa 13 Januwale 2025. Januwale kuno ndi dzinja, ndipo madzulo ambiri kumadzulo kunali mitambo yoti bii, mphezi zikung'anima cha ku mapiri. Ndinaoloka mlatho kawiri pachabe, ulendo wina n'kubwerera nditanyowa mpaka kope. Pamene thambo linang'ambika, patapita masiku angapo chibuma chake chitasweka cha pa 19, tinaima pagombe lomwe lija ndi amalume, madzi a mvula akudontha pa thandala la usipa. Mchira unalipo, wotambalala, wopendekera, wokhala ndi timizeremizere. Ndinautsata ndi bainokyula kutsika nawo mpaka kumene unayenera kuyambira, n'kupeza kuti kulibe kadontho, kulibe kachifunga kozungulira, wangosongoka n'kuthera m'kufiira kwa dzuwa.

Ndinapotoza kagudumu uku ndi uku mwachizolowezi, koma panalibe choti ndifufumitse.

"Lero mwaipatsa zingati, aphunzitsi?"

"Mutu palibe, amalume. Wasweka."

Anayang'ana kanthawi, atatambasula mkono, diso limodzi atatsinzina. Pamalo a nambala ya mutu ndinajambula kamzere. Anyamata anali atayamba kale kukankhira boti m'madzi, wina akulumikiza mawaya ku batire.

"Musayatse kaye," anatero amalume, osatembenuka. "Lembani chimodzi ndi zala zitatu."